Tebulo la Bambo ndi Dipoziti ya Alamu

Kunja ndinakhalitsako, mpaka ana amene ndinawasiya akukwawa anadzandilandira pabwalo la ndege ali ndi dazi. Nditabwerako ndinapeza kuti nyumba imene tinakuliramo anaigwetsa, n'kumangapo potsukira magalimoto. Pamene panali chipinda cha amayi panaima munthu wovala gambuti, akupopera madzi kunsi kwa galimoto ya eni ake. Ndinamuuza kuti ndinabadwira pamene wapondapo. Anayang'ana pansi, n'kusuntha pang'ono, n'kupitiriza kupopa. Umenewo ndiwo ulemu wonse umene tauni yanga inandisungira, ndipo poyerekeza ndi zimene zinabwera pambuyo pake, unali wochuluka.

Pa katundu yense wa bambo, chimene chinapulumuka ndi tebulo. Bambo anali telala, ndipo tebulolo linali lodulirapo nsalu, lalitali, lolemera ngati mlandu, la matabwa amene masiku ano amangopezeka m'nkhani za okalamba. M'mphepete mwake anachekamo timizere ndi mpeni, poyezera nsalu, chifukwa tepi ankaitaya tsiku ndi tsiku koma tebulo sakanalitaya. Pakona pali chipsera cha simbi, chimene amayi anasiyapo tsiku limene anamva kuti ndapeza malo a sukulu kunja, n'kuiwala kuti simbiyo ili ndi moto. Masana tebulolo linali la makasitomala. Madzulo tinkasesa tizidutswa ta nsalu n'kudyerapo, tikatha kudya n'kulemberapo za kusukulu, bambo akutiwerengera nyuzi ya dzulo ngati kuti aigula lero.

Ndinalipeza kwa achemwali anga, m'kanyumba kosungiramo katundu, litasenza zitini za penti ndi tayala lakale.

"Mukulifuna limeneli?" anatero achemwali. "Tengani, achimwene, mutipatseko malo. Ife timaona nkhuni, inu mukuona bambo."

Ndinachita lendi nyumba ya m'mwamba, pamwamba pa sitolo ya mapaipi ndi mipope. Eni ake ndi mayi wamasiye amene aliyense mumsewumo amangowati Alandilodi. Amakhala pampando pakhomo pa sitoloyo kuyambira m'mawa, ndipo palibe chimene chimakwera kapena kutsika masitepe iwo osachiyeza ndi maso. Tebulo linakwera ndi thukuta ndi matemberero, titachotsa chitseko. Ndinalipukuta, ndinalipaka mafuta, ndinalifunditsa nsalu yoyera. Ineyo ndinkadyera pakampando, mbale ili pamiyendo, kuopa kulidetsa.

"Bambo ankaikapo mapazi akatopa," anatero achemwali atandipeza ndikudya choncho. "Inu mwalisandutsa guwa."

Ndisanazolowere n'komwe phokoso la msewuwo, diso langa lakumanzere linayamba kuona dziko ngati lili m'nkhungu, zimene kunena zoona zinkalikomera dzikolo. Adokotala anati pakufunika opaleshoni. Amene akanandilipirira opaleshoniyo anali kunja kuja, kumene ndinasiya unyamata wanga n'kulandira kapenshoni m'malo mwake. Ndinayenera kubwererako kwa miyezi ingapo. Kulipirira nyumba yopanda munthu, penshoni yanga sikanalola. Kuisiya nyumbayo, ndiye kuti tebulo libwerere kunsi kwa zitini za penti. Chotsala chinali kupeza munthu woti akhalemo kwa kanthawi, azilipira lendi, ine ndikabwera atuluke.

Achemwali anamupeza tsiku lomwelo. Anali mng'ono wa amuna awo, ndiye kuti nanenso mlamu wanga, ngakhale kuti chibale chake ndi chija munthu amachikumbukira pamaliro pokha. Ntchito yake ndi yoika madishi a TV pamadenga. Dzina lake lenileni aliko amene amalidziwa, koma tauni yonse imamuti Zatheka, chifukwa ndilo yankho lake pa chilichonse. Denga n'lotsetsereka? Zatheka. Mvula ikubwera? Zatheka. Anali atapeza ntchito yoika madishi pahotela yatsopano pafupi ndi kwanga, ndipo kwawo n'kutali, kumapeto kwa tauni kumene basi imakatembenukira.

Anabwera Loweruka masana, atavala jekete ya matumba ambirimbiri, thumba lililonse likulira zitsulo. Anazungulira nyumba yonse, anatsegula mpope, anagogoda khoma, anasuzumira pawindo kuona kumene dishi ingakhale.

"Zatheka, alamu. Inu pitani akakukonzeni diso. Nyumbayi mudzaipeza ikumwetulira."

"Chabwino," ndinatero. "Kwatsala nkhani ya dipoziti."

Achemwali anali akumwa tiyi. Anatsitsa kapu pang'onopang'ono, monga munthu amene wamva kuti m'chipinda china mwagwa chinthu.

"Ya chiyani?" anafunsa Zatheka.

Ndinamufotokozera, ndipo ndinafotokoza bwino. Kunja ndinakhala m'zipinda za eni ake moyo wanga wonse, ndipo kumeneko ngakhale mayi wako atafuna kukhala m'chipinda chako sabata imodzi, sadabwa ukamupempha chikole. Palibe amene amakwiya. Ndi njira ya anthu otukuka yokhulupirirana popanda kukhulupirirana. Ndinati asiye ndalama yofanana ndi lendi ya mwezi, ine ndiisunge. Ndikadzapeza zonse zili bwino, ndidzamubwezera yonse. Ndikadzapeza china chitawonongeka kapena chitasowa, ndalamayo idzalowa m'malo mwake.

"Achimwene," anatero achemwali, "tabwerani kuno, mundionetse pamene mumasunga shuga."

Shuga anali patsogolo pawo. Tinalowa m'khitchini.

"Mwapenga kodi? Munthu ndi m'bale wa amuna anga. Mukumutcha wakuba asanabe n'komwe?"

"Sindikumutcha chilichonse. Ndi mmene zimakhalira."

"Zimakhalira kuti? Tamverani kuno. Munthu ukamusiyira makiyi wopanda kumulipiritsa kanthu, amayenda chonyang'ama m'nyumbamo. Akaswa kapu sagona, amaganiza kuti adzakuyang'ana bwanji pamaliro. Manyazi amenewo ndiwo akusungirani katundu. Inu mukufuna kumugulitsa manyaziwo pa mtengo wa lendi ya mwezi."

Ndinawauza kuti manyazi sindingawaike mu envelopu. Anandiyang'ana monga mmene amayi ankayang'anira nsalu imene bambo aidula molakwika, n'kutuluka.

Tinapeza Zatheka atavundukula nsalu yoyera ija, akusisita tebulo ndi chikhato.

"Ili si lija linali kwa akulu anga, kunsi kwa penti? Ee, lasamba! Ndiye alamu, ndimvetse bwino. Chimene chingawonongeke m'nyumba muno n'chiyani? Mipando ndi ya Alandilodi. Bedi ndi la Alandilodi. Mabuku awa ngakhale mbewa zingayambe zafunsana."

"Mwachitsanzo tebulo limeneli," ndinatero. "Ndikapanda kulipeza mmene ndalisiyira, dipoziti sibwerera."

"Tebulo limeneli ndi la..." anayamba achemwali.

"Za m'banja tizisiye," ndinawadula. "Apa tikukamba bizinesi."

Sindinaone chifukwa chotsegulira mtima wanga pamaso pa munthu amene amakhalira kukwera madenga. Zatheka anagwedeza mutu ngati wophunzira wabwino.

"Ndiye kuti ndalama imeneyi ikukwana tebuloli?"

"Tinene choncho."

"Lendi ya mwezi wathunthu. Tebulo." Analigogoda, n'kumvetsera kulira kwake. "Mwakweza, alamu, koma matabwa ake ndi abwino. Zatheka."

M'mawa mwake anabwera ndi envelopu ya kuhotela kuja, yonenepa bwino, n'kundipatsa ndi manja awiri, akumwetulira. Sanapemphe lisiti. Ndinamulembera ndithu, iye n'kulipinda n'kuliika m'thumba limodzi ndi misomali. Kwa Alandilodi tinanena kuti ndi m'bale wodzayang'anira nyumba. Iwo anati ali ndi abale ambiri oterowo m'nyumba zawo, bola lendi izifika. Ndinakwera ndege mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti ndabweretsa kachitukuko kochepa m'banja lathu, ngakhale kuti palibe amene adzandithokoze.

Opaleshoni inayenda bwino. Ndinabwerako ndikuona chilichonse: fumbi pamasamba a mitengo, makwinya pankhope za anzanga akale, zilembo zolakwika pazikwangwani. Ndinakwera masitepe, ndinatsegula chitseko ndi kiyi amene Zatheka anasiya kusitolo, ndipo ndiyenera kunena chilungamo: nyumbayo inali ikumwetuliradi. Pansi anakolopa. Makatani anachapa. Mpope wa m'khitchini, umene unkadontha chilowereni ine, unali chete. Kunja kwa windo kunali dishi yatsopano, yoloza kumwamba ngati ikupempha chikhululukiro. Pampando panali nsalu yoyera ija, yochapa, yosita, yopinda bwino.

Pakati pa chipinda panali timabala tinayi pasimenti, pamene panaima miyendo ya tebulo. Diso latsopanolo linationa bwino kwambiri timabalato.

Ndinatsika masitepe mofulumira kuposa mmene adokotala anandilolera.

"Mwabwera, bambo a kunja?" anatero Alandilodi. "Diso lili bwanji?"

"Tebulo langa lili kuti?"

"Linatsika. Tsiku limene m'bale wanu ankatuluka. Anachotsa chitseko bwinobwino n'kuchibwezeretsa, osakanda khoma ngakhale pang'ono. Munthu wolongosoka."

"Inu n'kumangoonerera?"

"Ndinamufunsa. Anati munagulana, ndalama muli nayo."

"Imene ija ndi dipoziti! Ndimayenera kumubwezera!"

Alandilodi anaseka mpaka kugwira mpando. Anaitana wogulitsa m'sitolo kuti adzamve nawo.

"Akuti kubweza dipoziti! Bambo, ine nyumba ndinayamba kuchititsa lendi tsitsi ili lili lakuda. Dipoziti imalowa, situluka. Pakhoma sipalephera kupezeka kadontho."

"Nanga yanga imene ndinakupatsani polowa?"

"Ili bwino," anatero, akupukuta misozi. "Ikukupatsani moni."

Ndinaimbira achemwali. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, zimene sachita kawirikawiri, kenako anati abwera ndi galimoto tipitire limodzi kwa Zatheka. Panjira sanandikumbutse zimene ananena m'khitchini muja. Anangoyendetsa ndi nkhope ya munthu amene akusunga mawuwo kuti adzawadye pang'onopang'ono pa zaka zikubwerazi.

"Envelopu ija mwatenga?" anafunsa titadutsa msika.

"Ili m'thumbamu, yosatsegula."

"Ikhale momwemo. Tikafika musatchule ndalama."

"Nditchule chiyani? Nyengo?"

Tinadutsa pamene panali nyumba ya kanema, pamene tsopano amagulitsapo matayala, ndi pamene panali laibulale, pamene tsopano amagulitsapo matayala ena. Tauni yonse ikuoneka kuti ikukonzekera ulendo, kungoti palibe amene akudziwa kopita.

Nyumba ya Zatheka ndi yaing'ono, ya chitseko chopapatiza, ndipo padenga pake pali madishi ochuluka kuposa mawindo. Anatilandira pakhomo ndi manja awiri.

"Alamu! Diso lija ndi limeneli? Lawala ngati la mwana! Lowani, lowani. Mayi a ana, alendo!"

Tebulo la bambo linali pabalaza, litadzaza chipinda kuchokera kukhoma kufika kukhoma. Mbali ina panali TV, mbali ina mawaya ndi zitsulo za madishi, pakati beseni la zovala zoti asite. Pa chipsera cha amayi panakhala mphika wa maluwa apulasitiki. Koma china chake sichinali bwino, ndipo zinanditengera kanthawi kuti ndichizindikire. Tebulolo kale linkandifika m'chiuno. Tsopano linali kundifika m'ntchafu.

"Lafupika," ndinatero.

"Pang'ono pokha, alamu, ngati chikhato chimodzi. Linakana kulowa pakhomo. Tinalipendeketsa, tinalitembenuza, tinalinyengerera, ayi ndithu. Ndiye ndinatenga sowo yodulira mapaipi a dishi. Zinatheka."

Ndinakhala pansi ndisanauzidwe. Akazi ake anabwera ndi tiyi, anatipatsa moni, n'kuika makapu patebulo pomwepo, popanda kambale kunsi. Achemwali anandiponda phazi, koma dzanja langa linali litalowa kale m'thumba. Ndinatulutsa envelopu n'kuiika pakati pathu.

"Dipoziti yanu iyi. Yonse. Ndikufuna tebulo langa."

Zatheka anayang'ana envelopuyo ngati ndamuikira chule m'mbale.

"Aa, alamu. Malonda anatha kalekale. Mwaona lawala ndiye mwasintha maganizo?"

"Panalibe malonda! Ndinakuuzani kuti ndidzakubwezerani ndikadzapeza zonse zili bwino."

"Onse amatero." Anatembenukira kwa achemwali. "Alamu aakazi, inu ndinu mboni. Ine ndachita lendi nyumba zingati m'tauni muno? Ndi liti pamene dipoziti inabwerapo? Munthu umakolopa, umapaka penti, umatsuka ndi denga lomwe, mwini nyumba amabwera n'kupeza kuti chogwirira cha chitseko chatopa. Ndiye aliyense amadziwa: ukapereka dipoziti, potuluka uzidyeretu. Anzanga amaswa sinki. Wina anachoka ndi chitseko cha kubafa. Ine ndinaleredwa bwino, kuswa chinthu sindingathe. Ndinakhala pansi n'kuganiza kuti alamu anga, munthu wophunzira, sanafune kundivutitsa ndi kusankha. Anandilozera okha chinthu, n'kutchula mtengo wake. Ndinafunsanso kawiri. Ndikunama?"

"Sakunama," anatero achemwali, akuuzira tiyi.

"Ndipotu ndinakukonzerani mpope ulere. Dishi ija ndi mphatso."

Ndinamuuza kuti kumene ndinali, zimene wachitazi zili ndi dzina, ndipo dzinalo limalembedwa kupolisi. Anavomera mwaulemu kuti kumeneko ndi kotukuka. Anati lisiti lija akadali nalo penapake, ngati apolisi angafune kuona kuti ndalama ndinalandira. Ndinati ndiwonjezera ina pamwamba pa envelopuyo. Anati iye si wamalonda a mipando, ndipo ana analizolowera kale tebulolo, wamkulu amalemberapo za kusukulu, wamng'ono amagona kunsi kwake kukatentha. Ndinawonjezeranso. Anayamba kuoneka wokhumudwa, ngati munthu amene akumunyoza m'nyumba mwake.

Ndakhala ndikukangana ndi maloya a eni nyumba m'chinenero cha eni ake, n'kupambana. Koma kumeneko tonse tinkagwirizana kuti ndalama ndi yankho, mkangano unkangokhala pa kuchuluka kwake. Uyu ndalama anali ataitaya kale mumtima, anailira maliro, n'kupitiriza moyo.

Achemwali anatsitsa kapu.

"Achimwene, mwatchula mitengo yokwanira. Tanenani chimene mukufuna."

"Ndanena. Tebulo."

"Chifukwa chiyani? Matebulo ali mbwee kumsika, ena a galasi."

Ndinawayang'ana ndi diso latsopano ndi lakale lomwe. Ankadziwa bwino lomwe chifukwa chake. Akanatha kunena okha, tsiku lija kapena lero, koma anali atatsimikiza kuti mawuwo atuluke m'kamwa mwanga, pamaso pa munthu wa madishi, akazi ake, ndi maluwa apulasitiki. Ndinasuntha mphika wa maluwawo.

"Ichi ndi chipsera cha simbi ya amayi," ndinatero. "Timizere iti anacheka ndi bambo, poyezera nsalu. Nyumba anagwetsa. Makina osokera anagulitsa ine kulibe. Pamaliro awo onse awiri ndinafika ndi telefoni. Chimene ndili nacho ndi ichi basi." Ndinatembenukira kwa Zatheka. "Chonde, alamu."

TV yokha ndiyo inapitiriza kugulitsa sopo.

Zatheka anaimirira, manja ali kumutu.

"La malemu? Tebulo ili ndi la malemu atelala? Mayo ine! Alamu, bwanji simunanene tsiku lija? Mukanangoti ndi la bambo anu, ine ndikanagona kunsi kwake ndi chibonga! Ntchentche ikanatera pamenepa ikanaona zakuda! Inu munati ndi la lendi ya mwezi!" Anatembenukira kwa akazi ake. "Chotsa beseni ilo! Chotsa TV! Ndadula miyendo ya malemu ndi sowo ya mapaipi, ine!"

"Ndinayesa kunena," anatero achemwali, "koma anthu ankakamba bizinesi."

Madzulo omwewo tebulo linakwera pikapu ya mnzake wa Zatheka, atalikulunga m'mabulangete a pabedi pawo. Iye anakhala kumbuyo, ataligwira mwendo njira yonse ngati akuperekeza wodwala. Potuluka pakhomo lawo silinavute, poti linali litaphunzitsidwa kale. Pamasitepe anga sitinachotsenso chitseko. Alandilodi analiyeza ndi maso likukwera.

"Laonda," anatero. "Kunja sikukomera aliyense."

Titaliika pamalo pake, pa timabala tinayi tija, ndinatulutsanso envelopu.

"Tsopano tengani ndalama yanu."

Zatheka anabweza manja kumbuyo.

"Ayi, alamu. Imeneyo ndinaiiwala kale. Dipoziti yobwerera ingatibweretsere malodza."

"Si yanga. Tebulo labwera."

"Labwera lolumala. Mwanena nokha kuti mukapanda kulipeza mmene munalisiyira, ndalama sibwerera. Malamulo ndi anu omwe." Anamwetulira mokoma mtima kwambiri. "Komanso ife kwathu, m'bale akapempha chinthu timangomupatsa. Sitifunsa chikole."

Ndakhala ndikutukwanidwa m'zinenero zingapo, koma sindinamvepo chipongwe chophikidwa bwino chotero. Anachipereka ndi manja awiri, ndipo ine ndinalibe pochibwezera.

Achemwali anati poti tonse tatopa, timwe tiyi, ndipo timwera patebulo, za kampando zija zatha. Anakoka mipando. Ndinakhala pansi, mawondo anga n'kugunda thabwa la kunsi. Ndinayesa kuwalowetsa chammbali, osatheka. Tebulo limene ndinakulira kunsi kwake tsopano silinkandilola kulowetsa miyendo. Ndinakhala chopendekera ngati mlendo wosayembekezeka. Achemwali anaika kapu yanga, tebulo n'kuweramira kwa ine, tiyi n'kutayikira pa timizere ta bambo. Zatheka anatsamira mbali yake, tebulo n'kubwerera kwa iye.

"Zachilendo," anatero, akusuzumira kunsi. "Kwathu linkaima bwinobwino."

"Pansi pa nyumba yanu m'popendekeka," anatero achemwali.

"N'zoona. Ndiye kuti ndinadula molingana ndi kwathu." Anagwada, n'kugwedeza mwendo wa pakona ya chipsera, umene unali kulendewera pang'ono osafika pansi. "Uwu ndi umene waperewera. Zatheka, alamu. Ndithamangire sowo, ndifupikitse enawa alingane."

"Mukakhudzanso tebulo ili ndi sowo," ndinatero, "adzakuikani m'bokosi lofupikitsa."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna choti ndiikepo. Mabuku anali okhuthala kwambiri, ndipo sanalakwe kanthu. Nyuzi inali yopyapyala, monga mwa masiku ano. Envelopu inali ikadali m'dzanja langa. Ndinaipinda pakati, ndinagwada, Zatheka ananyamula kona, ine n'kuilowetsa kunsi kwa mwendowo. Anatsitsa. Ndinaligwedeza. Achemwali analigwedeza. Zatheka analimenya ndi chibakera. Tebulo linangoti nji.

"Mwaona?" anatero Zatheka, akudzithirira shuga. "Ndinkadziwa kuti dipoziti ili ndi ntchito yake. Kungoti kuno sitinkadziwa poiika."

Ili pomwepo mpaka lero. Alandilodi anamva, poti masitepe aja sasunga chinsinsi, ndipo mwezi uliwonse akabwera kudzatenga lendi amayang'ana kunsi kwa tebulo ndi maso achifundo, ngati akuona mwana wamasiye amene akanatha kumulera bwino. Nsalu yoyera ija achemwali anapita nayo, akuti ikagwire ntchito kwa amoyo. Ine ndimadyera patebulo la bambo, mawondo ali panja, chakudya chili kutali pang'ono ndi pakamwa. Lamlungu lililonse Zatheka amabwera ndi akazi ake ndi ana kudzaona ngati dishi ikugwira bwino, ndipo dishiyo imafuna kuonedwa nthawi ya chakudya chamasana yokha. Sindingawabweze. Ndikangotsegula pakamwa, iye amasisita chipsera cha amayi ndi chikhato, n'kufunsa ngati malemu akuima bwino.